5, 10, 20: malangizo otsukira filimu akawerengedwa ku Chinsapo

Kampani ya Ilford ili ndi tsamba la malangizo a filimu yake ya HP5 Plus, filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1989. Mbali yaikulu ya tsambali ndi matebulo: developer wakuti, mphindi zakuti, madzi otentha mwakuti. Anthu amene amatsuka okha filimu kunyumba maso awo amathera pa matebulowo, poti ndi pamene chithunzi chimatulukira. Chakumapeto kuli ndime zingapo zifupizifupi zonena za fixer, za kutsukuluza ndi za kuyanika, ndipo ambiri amangozilumpha ngati kuti ntchito yatha kale. Ine ndikufuna ndiime pa ndime zomwezo. Ndi zimene zimagamula ngati negetivu idzafike m'manja mwa adzukulu kapena idzachite chikasu mwiniwake asanamere ndi imvi zomwe. Komanso munthu akamaziwerenga ali ku Chinsapo kapena ku Mgona, kumene madzi amalowa m'nyumba atasenzedwa pamutu, amaonamo zinthu zomwe sangazione munthu wa ku Mobberley, ku England, kumene filimuyi imapangidwa.

Za fixer tsambali silichulutsa mawu. Pali katebulo ka manambala anayi. Muyezo wosungunulira ndi 1+4, kutanthauza gawo limodzi la mankhwala ndi magawo anayi a madzi. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 18 ndi 24. Nthawi ndi mphindi 2 mpaka 5. Ndipo lita imodzi ya fixer wosungunula imakwanira mafilimu 24 a zithunzi 36 iliyonse. Chifukwa cha manambalawa sichinalembedwe pamenepo. Tsambali likulankhula ndi munthu amene likumuyesa wodziwa kale, choncho tiyenera kudzaza tokha zomwe lasiya.

Filimu ndi kapulasitiki koonekera kopakidwa jelatini mbali imodzi, ndipo m'jelatinimo muli timibulu ting'onoting'ono ta mchere wa siliva tomwe timamva kuwala. Kamera ikatsegula diso, kuwala kumakhudza timibulu tina, tina ayi. Developer amasandutsa timibulu tokhudzidwato kukhala siliva wakuda, ndiye chithunzi chimenecho. Koma tosakhudzidwa tija tikadali momwemo, ndipo tikadamvabe kuwala. Mutati mutsegule thanki yotsukiramo pamenepa n'kuitulutsa filimu padzuwa, pang'ono ndi pang'ono ingade yonse, nkhope n'kumira mu mdima. Ntchito ya fixer ndi kusungunula mchere wotsalawo kuti utuluke m'jelatini, patsale siliva wa chithunzi yekha. Mankhwala ake ndi thiosulphate, amene ojambula akale ankangomutcha hypo. John Herschel ndiye anazindikira mu 1819 kuti mankhwalawa amasungunula mchere wa siliva, ndipo mu 1839 anauza mnzake William Henry Fox Talbot, amene panthawiyo ankavutika ndi zithunzi zomwe zinkapitirira kuda. Kuchokera apo njira yake sinasinthe kwenikweni, kupatula kuti fixer wa masiku ano wa Ilford ndi wa ammonium thiosulphate, amene amagwira ntchito msanga kuposa wa sodium uja. Mungo Murray Chisuse, wa ku Blantyre Mission, amene anajambula John Chilembwe ndi banja lake nkhondo ya 1915 isanachitike, ankadalira mankhwala a mtundu womwewu. Ngati lero tikuiona nkhope ya Chilembwe pa zithunzi zimenezo, n'chifukwa chakuti ntchito ya hypo ndi ya madzi inagwiridwa mokwanira.

Nambala imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuifunsa mafunso ndi ya mphindi 2 mpaka 5. Pa developer tsambali limatchula nthawi yeniyeni, mpaka theka la mphindi. Pa fixer likupereka mpata waukulu, wakuti nthawi yotalika ndi yoposa kawiri yofupikayo. N'chifukwa chiyani? Chifukwa fixer sakhala chimodzimodzi kuyambira filimu yoyamba mpaka ya 24. Filimu iliyonse imasiya siliva wake m'botolo, ndipo mphamvu imanka nichepa. Tsamba lina la kampani yomweyi, lonena za Rapid Fixer, ndi lomwe limapereka njira yodziwira. Mumadula kansonga ka filimu kaja kamene kamatsala kunja kwa chikasiketi, n'kukaviika mu fixer poyera, muli ndi wotchi m'manja. Poyamba kamakhala kotuwa ngati mkaka, kenako kamayera mbee n'kuyamba kuonekera. Mukawerenga nthawi imene katenga, filimu yanu muisiye mu fixer kuwirikiza kawiri nthawi imeneyo. Ndipo tsiku limene kansongako kadzatenge nthawi yowirikiza kawiri poyerekeza ndi tsiku limene fixer anali watsopano, fixer ameneyo watha ntchito.

Kuwirikiza kawiriko si mwambo chabe. Kusungunuka kwa mchere wa siliva kumayenda m'magawo. Poyamba hypo amagwirana ndi siliva n'kupanga chinthu chosaoneka ndi maso koma chosasungunuka bwino m'madzi. Pakakhala hypo wina wokwanira, ndi nthawi, chinthucho chimasandulikanso china chomwe madzi angathe kuchichotsa. Ndiye kuti filimu imayamba kuoneka yoyera ntchito ili pakati. Woichotsa pamenepo, kapena wogwiritsa ntchito fixer wofooka, amasiya m'jelatini zinthu zomwe ngakhale ataitsukuluza tsiku lonse sizingachoke. Zimakhala phee kwa miyezi kapena zaka, kenako zimaola n'kusanduka silver sulphide, uja amaoneka ngati madontho achikasu kapena a khofi. Apa ndi pamene ndimaona kuti ndime ya fixer ndi ya kutsukuluza siziyenera kuwerengedwa padera. Yachiwiri ilibe mphamvu ngati yoyamba sinatsatidwe.

Nambala ya 24 nayo ku Lilongwe imamveka mwina. Kwa munthu wa ku England ndi chikumbutso chakuti akagule botolo lina. Kuno botolo la fixer limabwera m'chikwama cha mbale wochokera ku Joni kapena kutsidya la nyanja, ndipo likatha mumadikira ulendo wina. Mtima umati onjezerani filimu imodzi, fixer akuoneka bwinobwino, sanasinthe mtundu. Vuto ndi lakuti fixer wotha saonetsa msanga, ndipo chilango chake sichibwera tsiku lomwelo. Amene alakwitsa developer amaona kulakwa kwake usiku womwewo, n'kuphunzira. Amene waumira fixer amadzaona patapita zaka, negetivu ya ukwati ili kale ndi mawanga, eni ukwati mwina mmodzi atatisiya. Kansonga ka filimu kaja sikalira ndalama, choncho sindikuona chifukwa chosayezera nthawi iliyonse.

Tifike pa kutsukuluza. Chiganizo choyamba cha ndimeyi chimalangiza kuti filimu itsukuluzidwe m'madzi oyenda kwa mphindi 5 mpaka 10, ndipo kutentha kwa madziwo kusasiyane ndi kwa mankhwala kuposa madigiri 5. Chiganizo chimenechi chili ndi nyumba yakeyake m'maganizo: nyumba ya mpopi wa m'kati, wa madzi otentha ndi ozizira oti n'kusakaniza, mpopi woti ukatsegulidwa sufunsa kuti lero ndi lachingati. Nyumba zotere mu Lilongwe zilimo, ku Area 10, ku Area 43, ku Area 47. Koma anthu ambiri a mumzinda uno sakhala kumeneko. Madzi a Lilongwe Water Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1947, amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989. Mzinda wakula kwambiri chikhalireni likulu mu 1975, ndipo madera ngati Chinsapo, Mgona ndi mbali zina za Area 23 ndi Area 25 amadalira makiyosiki oyendetsedwa ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, kumene madzi amagulidwa pa ndowa. Ku Kawale ndi ku Biwi nyumba zambiri zili ndi mpopi, koma nthawi zambiri ndi umodzi wa panja, wa alendi onse a pa puloti, ndipo maso a alandilodi amakhala pa mita. Amene anali mu Lilongwe mu 2016, pamene madzi m'madamu anatsika mvula itavuta ndipo madera ankalandira madzi mosinthanasinthana, akudziwa kuti ngakhale mpopi wa m'nyumba ungathe kukhala duu masiku angapo.

Tiyerekeze kuti mpopi ukudzaza ndowa ya malita 20 pa mphindi 5. Kutsukuluza filimu imodzi kwa mphindi 10 ndiye ndowa ziwiri zathunthu, zongothera mu ngalande. Pa puloti ya alendi asanu ndi mmodzi, munthu wotsegula mpopi mphindi 10 pa kathanki kakang'ono kakuda angamve mawu ake tsiku lomwelo, ndipo onenawo sangakhale olakwa.

Pansi pa chiganizo chimenechi pali kandime kena kolembedwa ngati mawu owonjezera, ka anthu ogwiritsa ntchito thanki yaing'ono ya chokulungirapo filimu m'kati. Akuti mukachotsa fixer, dzazani thanki ndi madzi, itembenuzeni ka 5, khuthulani. Dzazaninso, tembenuzani ka 10, khuthulani. Dzazani kachitatu, tembenuzani ka 20, khuthulani. Basi. Thanki ya Paterson, yomwe ndi yofala kwambiri, imafuna mamililita 290 kuti filimu imodzi ya 35mm imire. Katatu ndiye mamililita 870, osakwana n'komwe lita imodzi.

Malo amene kandimeka kaikidwa angapangitse munthu kuganiza kuti ndi njira ya osowa, yongopirira nayo poti mpopi palibe. Koma tiwerenge zimene kakulonjeza. Kakuti njirayi ndi yachangu, imadya madzi ochepa, komabe manegetivu ake ndi oyenera kusungidwa nthawi yaitali. Ndiponso sikanena kuti njirayi ndi yololedwa chabe, kakuti ndiyo imene kampani ikulimbikitsa kwa wogwiritsa ntchito thanki yotere. Ndiye kuti chimene chalembedwa pansi ngati chowonjezera ndicho langizo lenileni la munthu wotsukira kunyumba, kaya ali ku Manchester kaya ku Chinsapo 2. Tsambali likanalembedwa kuno, kandimeka kakanakhala pamwamba, za madzi oyenda n'kubwera pambuyo.

Kuti timvetse chifukwa chake lita imodzi ingafanane ndi ndowa ziwiri, tiyenera kuona mmene hypo amachokera. Sachoka chifukwa chakuti madzi akumukokolola ndi mphamvu. Ali m'kati mwa jelatini, ndipo amasefukira yekha kuchoka kumene wachuluka kupita kumene wachepa, mpaka mbali ziwirizo zitafanana. Zikafanana amaima. Choncho chofunika si kuchuluka kwa madzi odutsa, koma kuti madzi okhudza filimu akhale opanda hypo, ndipo akalandira gawo lawo achoke onse. Amayi amene amachapa ndi madzi ogula pa kiyosiki amazidziwa bwino izi: chovala cha sopo sachiviika m'beseni limodzi lodzaza, amachitsukuluza m'madzi pang'ono, kufinya, kutaya, kuthira ena, kufinyanso, ndipo pofika kachitatu thovu latha. Mpopi wongothira m'thanki kuchokera pamwamba nthawi zina umachita zochepa kuposa apa, chifukwa madzi atsopano amatha kumangosefukira pakamwa pomwe akale ali khale pansi.

Ndiye m'malangizo atatu aja sitepe yolemera ndi ya kukhuthula, ngakhale maso amakopeka ndi manambala. Tinene kuti mukakhuthula m'thanki mumatsalira mamililita 10 omatirira pa filimu ndi m'makona. Mukathira 290 atsopano, zotsalazo zasungunuka pafupifupi ka 30. Kachiwiri ka 30 kenanso, kachitatu chimodzimodzi, ndipo zonse pamodzi zapitirira ka 20,000. Koma wokhuthula mwaulesi, wosiya kotala ya madzi m'kati, masamu amenewa sakumukhudza. Thanki iyenera kuzondoka mpaka dontho lomaliza.

Nanga bwanji 5, 10, 20, osati 10, 10, 10? Ine ndimawerenga motere. Madzi oyamba amakumana ndi fixer wambiri amene wangomatirira pamwamba pa filimu ndi m'zipupa za thanki. Amada nthawi yomweyo, ndipo kuwasunga nthawi yaitali n'kungosambitsa filimu mu fixer wosungunuka. Achoke msanga. Madzi achiwiri ndi amene ayamba kukoka za m'kati mwa jelatini, choncho apatsidwe nthawi. Pofika achitatu, hypo wotsala ndi wochepa, ndipo akachepa amatuluka mochedwa, n'chifukwa chake nthawi yawirikizanso. Manambalawa akuwerenga kutembenuza, koma chimene akuyeza kwenikweni ndi nthawi. Apa tsambali lili ndi mpata umene silinatseke, chifukwa silinena kuti kutembenuza kumodzi kutenge nthawi yotani. Wachinyamata wa changu angathe kumaliza ka 20 m'masekondi 15, akugwedeza ngati akusakaniza mankhwala a chifuwa, n'kumati watsata malangizo. Maganizo anga ndi akuti kutembenuza kukhale kodekha, kolola madzi kutsika onse mbali imodzi asanabwerere, ndipo sindiona cholakwa kuwonjezera madzi achinayi n'kuwasiya aime mphindi zingapo. Mtengo wake ndi kapu imodzi ya madzi. Mafilimu ena, monga Delta ya Ilford ndi T-Max ya Kodak, amatuluka ndi mtundu wofiirira umene umafuna fixer wotalikirapo ndi madzi owonjezera kuti uchoke, ndipo madzi oima aja amathandiza pamenepo.

Lonjezo la kandimeka lili ndi malire awiri, ndipo onse alembedwa mwachidule moti n'kosavuta kuwadumpha. Oyamba ndi akuti njirayi ndi ya fixer wopanda mankhwala olimbitsa jelatini. Kale mafilimu anali ofewa, makamaka kumadera otentha, moti jelatini inkatha kukandika kapena kusupuka. Choncho mu fixer ankaikamo alum kuti ailimbitse. Koma jelatini yolimbitsidwa imaumira hypo, satuluka msanga. Mafilimu a masiku ano amalimbitsidwa kale ku fakitale, ndipo Rapid Fixer wa Ilford alibe alum. Chenjezo limeneli kuno ndi lamoyo, pa chifukwa chimene wolemba tsambali sakanachiganizira. Wotumidwa kukagula mankhwala kunja amakonda a ufa, poti savutika nawo pa bwalo la ndege ndipo satayikira m'zovala. Fixer wa ufa wa Kodak, wa m'mapaketi, ndi wolimbitsa jelatini. Fixer wa makina otsukira mafilimu a X-ray, amene wina angaganize zopempha kwa mnzake wa kuchipatala, nayenso kawirikawiri amakhala ndi zolimbitsa. Ndi mankhwala amenewa 5, 10, 20 sakwanira. Kodak imalangiza mphindi 20 mpaka 30 za madzi oyenda, kapena kuyamba mwaviika filimu m'mankhwala ena ochotsa hypo, a sodium sulphite, kuti nthawiyo itsike kufika pa mphindi 5. Choncho funso loyamba si lakuti madzi alipo angati, koma lakuti pa paketi palembedwa chiyani.

Malire achiwiri ndi madigiri 5 aja. Jelatini ikatenthedwa imafufuma, ikazizidwa imakhwinyata, ndipo kusinthako kukachitika mwadzidzidzi imatha kuchita timing'alu tokhala ngati ukonde pa chithunzi chonse, tosachotseka. Madzi ozizira kwambiri nawonso amachedwetsa kutuluka kwa hypo. Ku Lilongwe nyengo imatikoka mbali zonse ziwiri. Mu Okutobala ndi Novembala chigubu chokhala pakhonde masana chimakhala ndi madzi ofunda ngati osamba, pomwe m'mawa wa mu Juni ndi Julaye madzi ogona panja amaluma zala. Madigiri 20 amene matebulo ambiri amawerengera sapezeka okha miyezi imeneyi. Koma apa ndi pamene ndowa imaposa mpopi. Mukatunga madzi madzulo n'kuwagoneka m'chipinda chomwe muli mabotolo a developer ndi fixer, pofika m'mawa zonse zimakhala pa kutentha kumodzi, ndipo lamulo la madigiri 5 lakwaniritsidwa popanda kuchita kanthu. Wa mpopi ndiye amavutika, chifukwa madzi a m'paipi amasintha kutentha akamayenda. M'nyengo yotentha mtsuko wadothi umatsitsa madzi madigiri angapo, ndipo kutsuka mbandakucha, malata asanayambe kutentha, kumathandiza kuposa kufunafuna madzi oundana magetsi atazima.

Pali chinthu chimodzi chimene ndime yonse ya kutsukuluza sikutchula n'komwe, chifukwa kwa wolemba n'chodziwikiratu: kuti madziwo ndi oyera. Ife tikudziwa mtundu wa madzi amene amayamba kutuluka mpopi ukakhala wouma masiku awiri, ndiponso mmene chitsime chimaonekera mvula yoyamba ikagwa. Jelatini yonyowa ndi yomata. Kamchenga kalikonse kokhala pamenepo kamauma nayo limodzi, ndipo negetivu ya 35mm ikakuzidwa kufika pa pepala, kamchengako kamasanduka banga loyera pa tsaya la munthu. Kugoneka madzi kuja kumathandizanso pano: matope amakhala pansi, inu n'kutunga a pamwamba mosavundula, n'kuwasefa pa nsalu yoyera yopanda ulusi wothothoka. Madzi a pa mjigo nthawi zambiri amaoneka oyera koma ena amakhala ndi mchere wambiri, umene umasiya mizere yotuwa filimu ikauma. Ndipo chichitikireni kolera wa mu 2022 ndi 2023 mabanja ambiri anazolowera kuthira klorini kapena WaterGuard m'ndowa, chomwe n'choyenera pa madzi akumwa. Klorini wochepa wa mu mpopi savuta, koma ndowa imene yangothiridwa kumene mankhwala mpaka kununkha isayandikire filimu, chifukwa klorini wamphamvu amadya siliva.

Malo amodzi okha pamene tsambali likuvomera kuti madzi a padziko sali ofanana ndi pa ndime yotsatira, ya madzi omaliza. Likulangiza kuthiramo Ilfotol, mankhwala othandiza kuti madzi atsetsereke pa filimu osasiya madontho, pa muyezo wa mamililita 5 pa lita, ndiye 1+200. Kenako likuwonjezera kuti muyezowo ungafunike kusintha malinga ndi madzi a kumaloko ndi njira yoyanikira, ndipo kuchepetsa kapena kuchulutsa zonse zimabweretsa mavuto. Ndimakondwera ndi chiganizo chimenechi chifukwa chikusiya chiweruzo m'manja mwa wowerenga. Ndikanakonda mtima umenewu ukanayambira pamwamba. Kwa wa madzi a mjigo, yankho losavuta ndi kusunga botolo la madzi opanda mchere uliwonse, aja ogulitsidwa kuti azithira m'mabatire a galimoto, n'kuwagwiritsa ntchito pomaliza pokha. Aonetsetse kuti ndi madzi okha, osati asidi wa batire, poti mabotolo ake amakhala pa shelefu imodzi.

Za kuyanika tsambali likuti m'kabati yotenthetsa, kapena pamalo aukhondo opanda fumbi. Amene anakhalapo ku Area 25 mu Seputembala, misewu ya fumbi ili kobo, akamvuluvulu akuzungulira, mbaula zikuulutsa phulusa, akudziwa kuti malo otere sachita kupezeka, amachita kupangidwa. Bafa imene munthu wangosambamo ndi yabwino, chifukwa chinyezi chimagwetsa fumbi. Mupachike filimu ndi chopanira zovala, china kumunsi kuti iwongoke, mutseke chitseko, ndipo muuze ana kuti asatsegule kufikira itauma. Langizo lake la kupukuta filimu ndi kachipangizo ka labala ine sindiligwirizana nalo kuno. Kamchenga kamodzi kokodwa pa labalayo kamalemba mzere kuyambira chithunzi choyamba mpaka cha 36.

Ndikamaona maalubamu akale a m'mabanja a ku Kawale ndi ku Biwi, a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito likulu likumangidwa, ndimaona kusiyana kumene ndime izi zikufotokoza. Zithunzi ziwiri za zaka zofanana, za pa tsamba limodzi, zosungidwa m'sutikesi imodzi: china chakuda bii ndi choyera mbee ngati chadzulo, china chachita dzimbiri, nkhope zikuzimirira kuyambira m'mphepete. Sindikunena za zithunzi za makala za m'ma 1990, zomwe zimafwifwa chifukwa utoto wake umatha wokha. Ndikunena zakuda ndi zoyera, zomwe siliva wake akanatha kukhala zaka 100. Chinyezi ndi guluu wa alubamu zili ndi mbali yake, koma nthawi zambiri chosiyanitsa ndi fixer ndi madzi. Pa pepala nkhaniyi ndi yovutirapo kuposa pa filimu, chifukwa pepala lakale linkamwa hypo mpaka m'kati mwa ulusi wake ndipo linkafuna kutsukuluzidwa mpaka ola lathunthu, pomwe pulasitiki wa filimu samwa kanthu. Sindiwaweruza ojambula aja. Kasitomala akudikira pakhomo chithunzi cha pasipoti kuti akakwere basi, mankhwala ndi odula, madzi ndi otunga. Koma mtengo wa changu chimenecho akulipira ndi zidzukulu zomwe zikufuna kudziwa kuti agogo ankaoneka bwanji tsiku la chinkhoswe.

Chomaliza chimene ndime zimenezi sizinena ndi kumene fixer wotha apite. Madzi otsukuluzira aja alibe zambiri. Koma lita ya fixer imene yadutsamo mafilimu 24 yasenza siliva yense amene sanakhale chithunzi, ndipo siliva wosungunuka ndi poizoni kwa nsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Wolemba tsambali akudalira kuti kwanuko kuli malamulo a zinyalala za mankhwala ndi malo okazisiya. Ku Chinsapo ndi ku Mgona madzi otayidwa amapita m'kangalande ka kuseri kwa nyumba, kapena m'chimbudzi chokumba chimene mwina chili mayadi ochepa kuchokera pa chitsime cha anansi, ndipo mvula ikagwa zonse zimatsikira kumtsinje kumene ena amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Njira ilipo yosafuna ndalama zambiri. Muthire fixer wothayo m'chigubu, muponyemo waya wofewa wachitsulo, uja wokwechera mapoto amene amachita dzimbiri, musatseke kwambiri, ndipo musiye masiku angapo. Chitsulo chimasungunuka n'kulowa m'malo mwa siliva, siliva n'kugwa pansi ngati matope akuda. Madzi a pamwamba atsala ndi siliva wochepa kwambiri, ndipo matopewo mungawaumitse n'kuwasunga m'kabotolo. Chigubucho chilembedwe ndi zilembo zazikulu ndipo chikhale pamwamba pomwe mwana sangafike. Fixer ndi woyera ngati madzi, choncho asaikidwe m'botolo la Sobo kapena la chakumwa china chilichonse, ngakhale kwa usiku umodzi wokha.